A Sabra ndi Magalimoto a Mpikisano

A Sabra ndinawadziwa m'chaka cha 1992 ku Edenvale, ndipo tinadziwirana pa mpanda. Ine ndinkagwira ntchito ya m'nyumba kwa azungu ena, iwo ankagwira nyumba yoyandikana nayo. Tsiku lina ndikuyanika zovala ndinamva mayi akukalipira galu m'Chichewa kuseri kwa mpandawo. Ndinakwera pa njerwa n'kusuzumira.

"Odi kumeneko. Kodi ndinu akwathu?"

Anatembenuka mayi wamfupi, wathupi, atamanga mpango wobiriwira kumutu. "Kwathu ndi kwa Jalasi ku Mangochi. Kaya inu?"

"Ku Ntcheu. Dzina langa ndine Clara."

"Ndiye tsikani pa njerwapo, a Clara, mungathyoke mwendo tisanadziwane bwino."

Masiku amenewo akazi a ku Malawi tinali owerengeka ku Joni. A Sabra anatsatira amuna awo, a Gaffar, amene poyamba anali kumigodi, kenako anapeza ntchito ya ulonda pa fakitale ina ku Boksburg. Ankachita lendi kachipinda kuseri kwa nyumba ya munthu ku Reiger Park. Mwana wawo, Ummi, anatsala kumudzi ndi abale. Mkati mwa sabata a Sabra ankagona kuntchito, kwawo ankapita Lamulungu.

Bwana wawo anali mkulu wina wochokera ku Italy, a Zanetti, koma ife tinkangoti Madala. Anagwira ntchito yosula zitsulo ku Germiston mpaka kukalamba. Akazi awo anali atamwalira, mwana wawo wamkazi anakwatiwa ku Pretoria, ndipo matenda a shuga anali atawadya maso moti ankangosiyanitsa kuwala ndi mdima. Chimene chinawatsalira chinali chimodzi: mpikisano wa magalimoto othamanga wotchedwa Fomula Wani, makamaka timu ya kwawo, Ferrari, ya magalimoto ofiira.

A Sabra anandifotokozera mmene zinayambira. Lamulungu lina anachedwa kunyamuka, ndiye anati asanapite awapititsire Madala khofi. Anawapeza atakhala pafupi kwambiri ndi tivi, mphuno itatsala pang'ono kugunda galasi.

"Sabra, yofiira ili pati?" anafunsa Madala. Awiriwa ankalankhulana Chingerezi chothyokathyoka chosakaniza ndi Chifanakalo, chilankhulo cha kumigodi.

A Sabra atayang'ana anangoona tinthu tonga ziwala tikuthamangitsana pamsewu wokhotakhota. "Ilipo yofiira ndi yoyera, Madala. Ili kutsogolo ndithu."

"Imeneyo si yanga. Yofiira paliponse."

Anadikira mpaka anaiona. "Ili m'mbuyo. Tsopano yapatuka, yaima pa udzu. Ikufuka utsi."

Madala anatukwana m'chilankhulo cha kwawo, kenako anaseka. "Wolengezayo sananene n'komwe. Amangokamba za amene ali patsogolo. Khala pansi undiuze zina."

A Sabra anali asanakhalepo pa sofa ya bwana chiyambire ntchito. Anakatenga mpando wa kukhitchini. Tsiku limenelo ku Reiger Park anafika dzuwa litapendeka, ndipo kuyambira pamenepo anagwirizana ndi Madala kuti sabata ya mpikisano azipuma Lolemba.

Poyamba ankangotchula mitundu: yabuluu yadutsa yachikasu, yoyera yalowa kogulitsira matayala. Madala anawauza kuti sikogulitsira, ndi kosinthira. Pang'onopang'ono anadziwa manambala, kenako zisoti za oyendetsa, kenako mayina. Zaka zimenezo Ferrari sinkachita bwino. Lamulungu lililonse la mpikisano a Sabra ankakhala ndi uthenga woipa woti anene. Mwana wa Madala uja atabwera kudzacheza tsiku lina anawatengera pambali n'kuwapempha kuti nthawi zina aziwakometsera bambo ake nkhani, mtima wawo ndi wofooka.

"Ndinamuuza kuti ayi," a Sabra anandiuza tili pa mpanda. "Munthu wabwereka maso ako, iwe n'kumupatsa abodza? Galimoto ikafa, yafa. Tidandaula limodzi."

Madala anali ndi kabati yodzaza matepi a vidiyo, ena a mipikisano ya zaka zam'mbuyo, ena ofotokoza mbiri ya oyendetsa otchuka. Masana ntchito ikachepa ankaika tepi, a Sabra akusita kapena kusenda mbatata uku akufotokoza zimene zikuoneka. M'matepi amenewa ndi mmene anasankhira munthu wawo. Sanasankhe Ferrari. Anasankha Prost, Mfalansa amene chaka chimenecho sankapikisana n'komwe, yemwenso anachoka ku Ferrari atayambana nawo. Madala atamva anakhala tsiku lonse osawalankhula.

A Gaffar nawo matendawa anawatengera kwa akazi awo. Anayamba kumaonera pa tivi ya eni nyumba ku Reiger Park, ndipo iwo anakonda Senna wa ku Brazil, wa chisoti chachikasu. Ndikapita kukawachezera ndinkapeza mkangano uli mkati.

"Senna ndiye mwamuna," ankatero a Gaffar. "Mvula ikagwa anzakewo amafuna ambulera, iye ndi pamene amadzuka."

"Mwamuna inde, bambo a Ummi, sindikukana. Koma mutakwera basi yopita ku Mangochi, mungafune pa chiwongolero pakhale ndani?"

"Uwu si mpikisano wa mabasi, mayi."

"Prost amamvera injini mmene mayi amamvera mwana akamatsokomola. Amadziwa kuti matayala amatha. Safuna kutsogola chiyambire, amafuna kutsogola pomaliza. Wanuyo akaona mpata waung'ono ngati diso la singano amalowa, ngati mnzakeyo alibe amake."

"Ndiye chifukwa chake dziko lonse limamukonda."

"Dziko lonse limakondanso kuonerera ndewu."

Ankakangana akudya mbale imodzi, ndipo ndinaona kuti a Gaffar, munthu wa phee amene ankabwera ku ulonda atatopa, nkhope yawo inkawala pa mikangano imeneyi.

Si kuti a Sabra ankalondola nthawi zonse. Za mnyamata wa ku Germany, Schumacher, ananenetsa kuti sapita patali, ndi waphuma. Atadzakhala katswiri wa dziko lonse sanavomere kuti anaphonya. Anangoti galimoto yake inali yabwino.

Za matepi a mbiri aja analinso ndi maganizo awo. Ankati wopanga filimu aliyense amasandutsa munthu wa kwawo mngelo, winayo n'kukhala satana. Ankadana ndi nyimbo zachisoni zimene ankaika ngozi isanachitike, ati n'kusewera ndi maliro a eni ake. Koma chimene chinkawanyansa kwambiri n'chakuti mafilimuwo ankangoonetsa munthu mmodzi ali pamwamba akupopera anzake chakumwa.

"Nanga anyamata anasintha matayala aja? Anthu agwada pa phula lotentha, manja akuthamanga ngati akuba, koma nkhope zawo sitiziona. Ine akanandipatsa kamera ndikanayambira kwa amenewo."

M'mwezi wa Malichi 1993 mpikisano unabwera ku bwalo la Kyalami, kufupi ndi Edenvale komweko. Mwana wa Madala anagula matikiti, ndipo Madala ananena kuti popanda Sabra sapita. Unali mwezi wa Ramadani, a Sabra akusala. A Gaffar anawafunsa ngati adzapirire dzuwa la kumeneko popanda madzi. Anayankha kuti kumunda kwa Jalasi ankalima akusala, nanga kukhala pabenchi n'chiyani.

Anavala diresi lawo lalitali la ku mzikiti ndi mpango woyera. Madala anavala kapusi yofiira imene inali itasuluka. Pachipata anthu ankawayang'ana, mayi wakuda atagwira mkono wa mzungu wokalamba pakati pa chinamtindi cha azungu onyamula mabokosi a mowa. Woyang'ana matikiti wina anafunsa ngati mayiyu akulowa nawo kapena wangowaperekeza.

"Awa ndi maso anga," anatero Madala. "Ukawasiya panja, undibwezere tikiti yanga."

Chimene a Sabra sanachiyembekezere ndi phokoso. Pa tivi magalimoto amalira ngati udzudzu. Kumeneko ankalira mpaka m'chifuwa, mano kumanjenjemera. Anayesa kufuula m'khutu la Madala koma sizinkamveka. Ndiye anagwira dzanja lawo n'kumafinya zala: chala chachikulu ndi wotsogola, chotsatira ndi wachiwiri, ndipo magalimoto akaloweratu kuseri kwa chitunda ankatchula mayina mwachangu. Madala ankati yofiira akuizindikira okha ndi kalilidwe kake, ndipo a Sabra amati nthawi zambiri ankalondola.

Prost, amene chaka chimenecho anali atabwereranso mu mpikisano, ananyamuka moipa, Senna n'kutsogola. A Sabra akuti mtima unali m'mwamba, akuganiza za mmene a Gaffar akawasekere. Koma Mfalansa uja anamulondola pang'onopang'ono mpaka anamudutsa.

"A Clara, ndinapezeka ndaimirira pabenchi ndikufuula m'Chiyao. Ndinaiwala kuti ndine mkazi wa munthu, ndinaiwala kuti ndikusala. Mzungu wina wa mimba yaikulu anandigwira dzanja ngati ndife a pachibale."

Yofiira imene Madala ankaidalira inafera panjira. A Sabra anawauza, iwo n'kungogwedeza mutu. Chakumapeto kumwamba kunada, mvula ya mabingu inakhuthuka. Anthu anathawira kobisala koma Madala anakana kusuntha mpaka mbendera yomaliza itagwa. Prost anapambana, Senna wachiwiri. Anatuluka atanyowa ngati nkhuku, ndipo pamsewu magalimoto anathinana moti anayenda ngati kamba mpaka madzulo. Ali m'galimoto yobwerera kunyumba Madala anafunsa ngati dzuwa lalowa. Atauzidwa kuti langolowa kumene, anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa lalanje limene analisunga chiyambire m'mawa.

"Masula kusala kwako, Sabra. Wagwira ntchito lero."

Kutha kwa chaka chimenecho Prost anapuma pa mpikisano atatenga ukatswiri. A Sabra anakhala opanda munthu wawo, ndipo a Gaffar ankati tsopano bwalo latsala la Senna yekha.

Sabata ya chisankho chachikulu cha m'dzikomo cha 1994 mizere ya anthu ovota inali paliponse, ku Edenvale, ku Boksburg, ku Duduza. Ife alendo tinkangoonerera, mitima ili pawiri, osadziwa ngati dziko latsopanolo lidzatifuna. Lamulungu la sabata yomweyo kunali mpikisano ku Italy. A Sabra anali pa mpando wawo wa kukhitchini pamene galimoto ya Senna, ikutsogola, inalephera kukhota n'kukawomba khoma. Wolengeza anatsitsa mawu. Madala anafunafuna dzanja la a Sabra.

"Watuluka?"

"Sanatuluke, Madala."

"Akusuntha?"

"Mutu unasuntha pang'ono. Tsopano sukusuntha. Madokotala afika, amugoneka pansi."

Anapitiriza kufotokoza zonse zimene ankaona, mawu osanjenjemera, mpaka helikopita itanyamuka. Atatero anapempha kuti apite kwawo tsiku lomwelo. Anakwera tekisi ya ku Boksburg. Atafika anapeza a Gaffar atakhala pa kreti panja, atavala yunifolomu ya ulonda koma nsapato zili pambali. Madzulo omwewo wailesi inalengeza kuti Senna wamwalira.

Ine ndinapitako m'mawa mwake, ndikuganiza kuti mwina a Sabra anena kuti paja ndinkanena. Sananene. Anali akuwathirira amuna awo tiyi.

"Senna uja ndinkatsutsana naye chifukwa analipo woti n'kutsutsana naye," anatero. "Bambo a Ummi ankanena zoona, munthu ngati ameneyu sabwera kawiri." Anawapatsira kapu. "Komanso afa awiri, a Clara. Dzana, Loweruka, pokonzekera mpikisano womwewu, wafa mnyamata wa ku Austria amene anali atangoyamba kumene. Nayenso ali ndi amake. Anthu asamuiwale."

Mpikisano wotsatira a Sabra anakana kuonera. Anatsalira kukhitchini n'kumakwecha mapoto amene anali oyera kale. Madala anayatsa tivi okha, osawaitana. Patapita nthawi a Sabra anasuzumira n'kuona mkulu uja atakhala patali ndi tivi, manja ali pa mawondo, akungomvetsera phokoso limene silinkawauza kanthu. Anapukuta manja n'kukoka mpando wawo.

Madala anamwalira m'nyengo yozizira ya 1995. A Sabra ndiwo anali nawo kuchipatala masiku omaliza, ndipo kutchalitchi anakhala kumbuyo ndi mpango wawo mpaka mwambo utatha. Nyumba inagulitsidwa, ntchito inatha. Mwana wa Madala anawapatsa tivi, makina a vidiyo ndi matepi onse, ati bambo ake ananeneratu.

Miyezi yotsatira inali yovuta. A Sabra ankachapa zovala za anthu ndi kugulitsa samusa pa siteshoni. Koma Lamulungu la mpikisano kachipinda ka ku Reiger Park kankadzaza. Amalawi anali atayamba kuchuluka ku Joni, a m'magadeni, omanga nyumba, atelala. Ambiri poyamba ankabwerera tiyi ndi Chichewa, chifukwa masewera awo anali mpira. Koma a Sabra anali atazolowera kufotokozera munthu wosaona, moti sankatha kuonera mwakachetechete. Ankalongosola chilichonse, chifukwa chake uyu walowa kosinthira matayala msanga, chifukwa chake uyo akumusiya mnzake adutse. Anthu ankatsitsa mawu a tivi kuti amve iwo. Posakhalitsa chipinda chinagawikana, ena a timu ya Williams, ena a McLaren, ena a Ferrari, ndipo amuna akuluakulu a ndevu zawo ankatsutsana mpaka mitsempha kutuluka pakhosi pa za anthu amene chaka chapitacho sankawadziwa n'komwe.

Mmodzi mwa obwera kawirikawiri anali a Japhet a ku Balaka, amene anali ndi baki, galimoto yotseguka kumbuyo, yokoka ngolo, yonyamula katundu wa machona kupita naye kumudzi. Iwo anali a Schumacher ndi mtima wonse. Tsiku lina a Sabra atanena kuti Mjeremaniyo amatsekereza anzake mopanda ulemu, a Japhet anaseka.

"Achemwali, inu mumaweruza madalaivala a dziko lonse, koma chiwongolero simunachigwirepo. Mukuidziwa giya yobwerera m'mbuyo kumene ili?"

Anthu anaseka. A Sabra sanaseke, komanso sanakwiye. Anatolera makapu, ndipo anthu akubalalika anawaimitsa a Japhet pakhomo.

"Achimwene, mwanena zoona. Ndiphunzitseni."

A Japhet anayang'ana a Gaffar. A Gaffar anati, "Musandiyang'ane ine. Awa akanena anena."

Anaphunzirira pa bwalo lafumbi pafupi ndi milu ya mchenga wa kumigodi. Ndinapitako tsiku lina. Baki inkadumpha ngati mbuzi yomangidwa, n'kuzima, n'kudumphanso. A Sabra anaika pilo pa mpando kuti aone kutsogolo. Atatsika, thukuta lili kamukamu, anati, "Madalaivala a mpikisano aja ndinkawalakwira. Zopondera zitatu, miyendo iwiri, ndipo iwo amachita zimenezi akuuluka."

Nthawi imeneyo mapepala awo okhalira m'dzikomo anali atalongosoka, ndiye anatha kukalembetsa mayeso. Ulendo woyamba analephera pokwera chitunda, baki inabwerera m'mbuyo. Anthu ena a pa mzikiti ankanong'ona kuti mkazi wa msinkhu wawo akufunanji ndi zimenezi. A Gaffar ankangowayankha kuti akadzafuna kutumiza njinga kumudzi adzadziwa. M'chaka cha 1998 a Sabra anatenga layisensi.

A Japhet, amene msana unali utayamba kuwavuta, anawatenga kukhala dalaivala wachiwiri. Ankayenda atatu ndi akazi awo a Japhet, a Ida, amene ankachita malonda a mabulangete. Njira yake inali ya Beitbridge, Nyamapanda, Tete, Zobue mpaka Mwanza. Apolisi a panjira ankati akaona mpango pa chiwongolero ankaimitsa baki kuti angoonetsetsa. Ulendo wachiwiri a Sabra anabwerako ndi Ummi, ali mtsikana wamkulu, n'kumulowetsa sukulu ku Boksburg.

Ine ndinakwera nawo m'mwezi wa Disembala 1999, popita kukaona ana. Ngolo inali itasenza mafiriji, matilesi, njinga ndi zikwama za mizeremizere mpaka m'mwamba. Ndinkaganiza kuti munthu wokonda magalimoto othamanga andiulutsa, koma malole ankatidutsa akuimba hutala. Paliponse tikaima a Sabra ankazungulira baki akugwira matayala ndi chikhato, kumva ngati atentha. Kutsika mapiri a ku Zobue anatsika ndi giya, osadalira mabuleki, milomo ikuyenda chamumtima. A Japhet anali m'tulo pambali pawo, ndipo a Ida anandinong'oneza kuti amuna awo sagona wina aliyense akamayendetsa, kupatula a Sabra.

Ananditsitsa pa Balaka, pamene m'bale wanga ankandidikira. A Sabra anakwera okha pa ngolo kumasula katundu wanga, n'kumangitsanso zingwe. A Japhet anali atadzuka ndipo mkangano unali utayambiranso, chifukwa chaka chimenecho ukatswiri anatenga Hakkinen wa ku Finland, amene a Sabra anayamba kumukonda ati chifukwa salankhula zambiri.

"Schumacher wanga uja akanapanda kuthyoka mwendo, wanuyo sakanaununkha n'komwe," ankatero a Japhet.

"Mpikisano ulibe akanapanda, achimwene. Kwerani tizipita, Mangochi ndi kutali."

Anandigwira dzanja kudzera pa windo. "A Clara, tionana ku Joni. Mpikisano ukuyamba Malichi. Mudzabwere ndi shuga, anthu aja amathira ngati kwawo kuli munda wa nzimbe."

Anayang'ana pa galasi, anayatsa chizindikiro ngakhale kuti pamsewu panalibe galimoto ina, n'kulowa njira ya ku Liwonde.